Msewu wa pa chilumba cha Hirta unafika eni mudzi atasamuka kale

A Mkonzi,

Ndiloleni kampata m'nyuzipepala yanu kuti ndikambe za malo amene ali kutali kwambiri ndi kwathu, koma amene sakuchoka m'maganizo mwanga chiwapondereni. Ndine Mmalawi amene ndakhala zaka zingapo mumzinda wa Glasgow ku Scotland, ndipo m'nyengo yotentha yapitayi ndinakwera boti pa doko la Leverburgh, pa chilumba cha Harris, n'kuyenda maola pafupifupi atatu pa nyanja ya Atlantic kupita ku zilumba za St Kilda. Amalawi ambiri dziko la Scotland timalidziwa chifukwa cha David Livingstone, dzina la mzinda wa Blantyre ndi mishoni ya Livingstonia, motero timaliona ngati dziko limene linkatumiza aphunzitsi, abusa ndi madokotala kwa anthu ena. Nkhani ya nzika zake zimene zinasowa thandizo mpaka kusiya mudzi wa makolo awo sitiimva kawirikawiri.

Zilumba za St Kilda zili pa mtunda wa makilomita 64 kumadzulo kwa chilumba cha North Uist, ndipo chachikulu mwa izo ndi Hirta. Boti likamalowa m'gombe la Village Bay, munthu amaona mzere wa nyumba za miyala, zambiri zilibe madenga, zitayang'ana kunyanja monga zinalili eni ake akadalipo. Kumbuyo kwake kuli manda ozunguliridwa ndi mpanda wa miyala, ndipo m'mbali monse mwa mapiri muli tinyumba ta miyala toposa 1,200 tofolera ndi dothi la udzu, timene tinali nkhokwe zoumitsiramo nyama ya mbalame, mazira ndi udzu wa ziweto. Kwathu tikanati ndi bwinja basi. Koma munthu akatukula maso amaona chinthu chimene bwinja silikhala nacho: msewu wabwino wa galimoto wokhotakhota kukwera phiri la Mullach Mòr, lotalika mamita 361, ndipo pamwamba pake pali milongoti ndi makina a radar a asilikali a Britain. Munsi, pafupi ndi tchalitchi chakale, pali nyumba zamakono za ogwira ntchito, majenereta a magetsi ndi bwalo lotera helikoputa. Chimene ndalembera kalatayi ndi kusiyana kwa zinthu ziwirizi, bwinja pansi ndi radar pamwamba, komanso funso lakuti n'chifukwa chiyani msewu, magetsi ndi ulendo wodalirika zinafika pa chilumbachi eni ake atachoka kale.

Anthu a pa Hirta ankalankhula chilankhulo cha Gaelic ndipo anakhala pamenepo zaka mazanamazana. Ngakhale anazunguliridwa ndi nyanja, sankadalira nsomba kwenikweni, popeza mafunde a kumeneko ndi aukali ndipo gombe lotetezeka ndi limodzi lokha. Chakudya chawo chachikulu chinali mbalame za m'nyanja. Amuna ankatsika ndi zingwe m'maphompho a miyala, kuphatikizapo la phiri la Conachair lotalika mamita 430, limene ndi phompho la m'mbali mwa nyanja lalitali kuposa onse m'dziko la Britain, n'kukagwira mbalame ndi kutola mazira. Nthenga ndi mafuta a mbalamezo ndizo ankalipirira lendi kwa mwini malo, mfumu ya fuko la MacLeod ya ku chilumba cha Skye. M'mawa uliwonse amuna ankakumana pa msewu wa m'mudzi kukambirana ntchito ya tsikulo, ndipo zimene agwira ankagawana mabanja onse, mofanana ndi mmene nkhani zimakambidwira pabwalo la mfumu kwathu, kupatula kuti iwo analibe nyakwawa. Pa nkhani ya chipembedzo anali a mpingo wa Free Church of Scotland, womwewo umene mu 1875 unatumiza Robert Laws ndi anzake kukayambitsa mishoni ya Livingstonia m'mbali mwa nyanja yathu. Ndinaima m'tchalitchi chawo chaching'ono, cha mabenchi a matabwa, n'kumaganiza kuti masalimo amene ankaimbidwa mmenemo ndi amene agogo athu anaphunzitsidwa ku Bandawe ndi ku Khondowe.

Vuto lawo lalikulu linali kutalikirana ndi anthu ena. M'nyengo yozizira pankatha miyezi yambiri popanda sitima yofika, ndipo akafuna kutumiza uthenga wa njala kapena matenda ankaika kalata m'kachitini, n'kukaika m'mtengo wosemedwa ngati kabwato, n'kumangirirako chikhodzodzo cha nkhosa chopopa mpweya kuti kayandame. Akatero ankakaponya m'nyanja pamene mphepo ikuomba kuchokera kumpoto chakumadzulo, n'kudikira kuti mwina wina akatola ku gombe la Scotland kapena la Norway. Kwa zaka zambiri kafumbata ankapha makanda ambiri asanathe masabata awiri, mpaka m'zaka za m'ma 1890 pamene unamwino wabwino unathetsa vutolo. Mu 1852 anthu 36 anasamukira ku Australia, ndipo ambiri mwa iwo anafera m'njira.

Kenaka kunabwera nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ndipo apa mpamene nkhani yanga ikuyambira kwenikweni. Asilikali a m'madzi a Britain anaona kuti Hirta ndi malo abwino oonera sitima za adani, choncho anaikapo gulu la asilikali ndi wailesi yotumizira mauthenga. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri yawo, anthu a pachilumbachi anayamba kulumikizana ndi kumtunda tsiku ndi tsiku, sitima zinkabwera pafupipafupi, ndipo ena analembedwa ganyu n'kuyamba kulandira ndalama. Pa 15 May 1918 sitima ya pansi pa madzi ya Germany inalowa mu Village Bay n'kuombera wailesiyo, ndipo boma linayankha pomanga mfuti yaikulu yoyang'ana kugombe, imene ilipobe mpaka lero koma sinaombereko mdani ngakhale kamodzi. Nkhondo itatha asilikali ananyamuka, ndipo kulumikizana kuja kunatha nawo limodzi. Anyamata amene analawako moyo wina sanafune kubwerera ku moyo woponya makalata m'nyanja. Mu 1920 pachilumbachi panali anthu 73, koma pofika 1928 anatsala 37 okha, ndipo amuna amphamvu otsika m'maphompho anali ochepa kwambiri moti sakanatha kudyetsa okalamba, amayi amasiye ndi ana.

Ndiyenera kunena zoona pa mfundo imodzi, chifukwa ena amaikamba nkhaniyi ngati kuti asilikali anathamangitsa anthu, pamene sizinatero. Anthuwo anapempha okha kuti asamutsidwe. Itatha nyengo yozizira yowawa, imene mayi wina wachitsikana anadwala n'kutengeredwa ku chipatala ku Glasgow, kumene pambuyo pake anamwalira, iwo analemba kalata ku boma mu May 1930, mothandizidwa ndi namwino wawo Williamina Barclay, kunena kuti sangathenso kupirira chaka china. Pa 29 August 1930 anthu 36 otsalawo anakwera sitima ya HMS Harebell. M'nyumba iliyonse anasiya Baibulo lotsegula ndi kamulu ka mbewu ya oats. Nkhosa zawo zinatengedwa kukagulitsidwa kuti zithandize kulipira ulendowo, ndipo agalu ambiri anamizidwa m'nyanja popeza sakanatha kupita nawo. Ambiri anakaikidwa ku dera la Morvern, kumene amuna anapatsidwa ntchito ya zankhalango, chikhalirecho anthuwa anabadwira ndi kukulira pa chilumba chopanda mtengo ngakhale umodzi. Amene anakonza zimenezi ayenera kuti anali ndi mtima wofuna kuthandiza, koma zikuonetsa kuti sanawadziwe bwino anthu amene ankawathandizawo.

Panapita zaka 27 chilumba chili cha nkhosa ndi mbalame. Mu 1955, nthawi imene maiko a azungu ndi Soviet Union ankaopsezana ndi zida za nyukiliya, boma la Britain linaganiza zokhazikitsa malo oyeserako mizinga ku zilumba za South Uist ndi Benbecula. Mzinga ukaponyedwa kuchokera ku South Uist umauluka kulowera kumadzulo, pamwamba pa nyanja, ndipo pamafunika diso loutsatira kuti akatswiri adziwe ngati wayenda monga anafunira komanso kumene wagwera. Diso limenelo ndi radar. Makinawa amatumiza mafunde a wailesi m'mlengalenga, mafundewo akagunda chinthu amabwerera, ndipo nthawi imene atenga popita ndi pobwera ndiyo imaonetsa kutalika kwa mtunda umene chinthucho chili. Popeza mafundewa amayenda pafupifupi molunjika pamene dziko ndi lobulungira, makina oikidwa pansi saona patali pamwamba pa madzi. Munthu woima pagombe amaona nyanja mpaka makilomita asanu okha, koma pamwamba pa Mullach Mòr malire a maso amafika pafupifupi makilomita 70, ndipo chinthu chouluka m'mwamba chimaoneka chili kutali koposa pamenepo. Phiri lalitali loima lokha pakati pa nyanja, kutsogolo kwa malo oponyerako mizinga, ndi chinthu chimene asilikali sakanachipeza kwina. Nkhaniyi anaitenga mozama kwambiri moti mu September 1955 anatumiza helikoputa kukaimika mbendera pa Rockall, mwala wopanda kanthu umene uli makilomita pafupifupi 300 kumadzulo kwa St Kilda, poopa kuti a Soviet Union angaikepo zida zozondera mizingayo.

Mu 1957 asilikali anafika pa Hirta pa ntchito imene anaitcha Operation Hardrock. Chaka chomwecho zilumbazi zinaperekedwa m'manja mwa bungwe losamalira malo akale ndi zachilengedwe la National Trust for Scotland, molingana ndi wilo ya Marquess of Bute, amene anazigula anthu atangosamuka, ndipo Unduna wa Zachitetezo unabwereka kachigawo ka malo kwa bungweli. Poyamba panali maganizo ogumula nyumba zakale kuti miyala yake aimangire msewu, koma osamalira zachilengedwe anakana, ndipo asilikali anakaphwanya miyala ina m'phiri. M'kanthawi kochepa chilumba chimene sichinaonepo galimoto chinali ndi msewu wofika pansonga ya phiri, magetsi, madzi a m'mipope, wailesi, wachipatala wokhala pomwepo, ndi sitima zobweretsa chakudya ndi mafuta. Masiku ano asilikali enieni kulibe, ntchitoyo imayendetsedwa ndi kampani ya QinetiQ m'malo mwa undunawo, ndipo ogwira ntchito amasinthana pa helikoputa kuchokera ku Benbecula chaka chonse, ngakhale m'miyezi ija imene kale anthu ankati palibe angafikeko.

A Mkonzi, akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kawiri konse, mu nthawi ya nkhondo yoyamba ndi mu 1957, boma linatsegula chitseko cha ku Hirta pamene m'mimba mopotamo munali mwake. Pamene ankamva kupweteka anali anthu 36 olankhula Gaelic, opanda chuma chimene akumtunda ankachifuna, yankho linali lakuti malowo ndi akutali, nyanja ndi yoopsa ndipo ndalama zake n'zambiri. Phiri lomwelo litasanduka diso la mizinga, nyanja sinaleke kuopsa ndipo mtunda sunafupike, koma ndalama zinapezeka. Ine sindikutsutsa zoti dziko lidziteteze, ndipo sindikunena kuti radar ichotsedwe. Chimene ndikukana ndi mawu akuti "sizingatheke" pamene olamula akutanthauza kuti "sitikuona phindu lake kwa ife". Awa ndi mawu awiri osiyana, ndipo nzika ili ndi ufulu wouzidwa kuti ndi ati mwa awiriwa amene akunenedwa.

Mnzanga wina wa kuno, amene makolo ake anachokera ku zilumba za kumadzulo, ananditsutsa pa mfundoyi ndipo ndiyenera kumuchitira chilungamo. Iye anati mudzi wa anthu 36, ambiri mwa iwo okalamba ndi ana, sukanapulumuka ngakhale boma likanatumiza sitima sabata iliyonse, chifukwa achinyamata anali atasankha kale moyo wa m'tauni, ndipo zilumba zina zapafupi ndi kumtunda, monga Mingulay, nazonso zinatha anthu popanda wowakakamiza. Anatinso helikoputa ndi majenereta a mu 1957 kunalibe mu 1930, choncho si bwino kuweruza m'badwo wina ndi zida za m'badwo wina. Pa mfundo yoyamba mwina akunena zoona, ndipo ine sindingalumbire kuti mudziwo ukanakhalapo mpaka lero. Koma pa yachiwiri sindikugwirizana naye, chifukwa wailesi ndi sitima zoyenda pafupipafupi sizinali maloto a m'tsogolo. Zinalipo pa Hirta pakati pa 1914 ndi 1918, anthu anaziona ndi maso awo, kenaka zinachotsedwa. Mudziwo sunayambe kutha mu 1930, unayamba kutha pamene anthu 73 anaona kuti chimene chinatheka chifukwa cha asilikali ochepa sichikanachitika chifukwa cha iwo. Chikhala kuti kulumikizana kuja kunapitirira m'zaka khumi zotsatirazo, bwenzi tikudziwa ngati achinyamatawo anachoka chifukwa chokonda tauni kapena chifukwa choopa kuona mkazi kapena mwana akufa popanda njira yoitanira dokotala.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina imene imandivuta kuiweruza. Pamene malo oyesera mizinga ankakhazikitsidwa, anthu ambiri a ku South Uist anakana, motsogozedwa ndi wansembe wa Chikatolika John Morrison, amene mpaka anapatsidwa dzina loti Father Rocket. Iwo ankaopa kulandidwa minda ndi kutha kwa chilankhulo chawo. Koma mu 2009, boma litanena kuti likufuna kuchepetsa ntchito za pamalowa ndi kuchotsa anthu pa Hirta kuti makina aziyendetsedwa ndi anthu ali kutali, ana ndi adzukulu a anthu omwewo ndiwo anadzuka kukana, popeza ntchito zoposa 100 zikanatha m'dera limene ntchito n'zosowa. A National Trust for Scotland nawonso anada nkhawa, chifukwa antchito awo, ofufuza za nkhosa za mtundu wa Soay ndi anthu odzipereka okonza nyumba zakale amadalira magetsi, madzi ndi mayendedwe a pamalo a asilikaliwo. Boma linabweza maganizo ake chaka chomwecho. Choncho St Kilda, amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1986 chifukwa cha chilengedwe chake, n'kuonjezeraponso mu 2005 chifukwa cha chikhalidwe cha anthu ake, akusamalika mbali ina chifukwa cha zida za nkhondo. Bwinja likutetezedwa bwino kuposa mmene mudzi unatetezedwera eni ake ali moyo. Ndipo dera lonse lafika podalira ntchito imene ingathe tsiku lililonse ndi cholembera cha munthu wokhala ku London, monga mmene wailesi ija inathera nkhondo yoyamba itatha.

Ndili m'botimo pobwerera ndinakumbukira sitima yathu ya Ilala, imene inapangidwa konkuno ku Glasgow mu 1949 n'kuyamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951. Aliyense amene anadikirapo sitimayi ku Likoma kapena ku Chizumulu akudziwa tanthauzo la kukhala pa chilumba pamene chombo chimodzi ndicho msewu, msika ndi njira ya ku chipatala chachikulu. Sindikufanizira zilumba zathuzi ndi Hirta, pakuti zili ndi anthu masauzande ambiri ndipo sizikutha. Ndikungonena kuti owerenga a kumeneko aimvetsa nkhaniyi msanga kuposa anzanga ambiri a mu Glasgow, amene amapita ku St Kilda kukajambula mbalame n'kumadandaula kuti milongoti ya pa phiri ikuwaonongera zithunzi.

Ine milongotiyo sindinaibise pa zithunzi zanga. Ndinakwera msewu wa asilikali wapansi mpaka pamene miyendo inandilola, ndikupumira m'njira chifukwa ndi wotsetsereka kwambiri, ndipo ndili pamtunda ndinatembenuka n'kuona mudzi wonse pansi panga: mzere wa nyumba, manda, tchalitchi, ndi nkhosa zofiirira zikudya udzu m'zipinda zimene munkagona anthu. M'nyumba zambiri zopanda madenga muli kamwala kolembedwa dzina la banja limene linali lomaliza kukhalamo, koikidwa pa malo osonkhapo moto. Womaliza kumwalira mwa anthu 36 aja, mayi Rachel Johnson, anachoka pa Hirta ali ndi zaka 8 ndipo anamwalira mu 2016 ali ndi zaka 93. Pamene ndinkatsika, galimoto ya ogwira ntchito pa radar inandipitirira ikukwera phiri, woyendetsa anandikwezera dzanja, ndipo inatenga mphindi zochepa chabe kufika pamwamba.

Ndine wanu wowerenga,
Mmalawi wokhala ku Glasgow, Scotland